Dzina la Eni Ake: Gawo Lachinayi

Imelo ya ku Ghana inafika Lolemba madzulo, Alinafe akuthandiza mayi ake kulongedza tomato wotsala pamsika wa Lizulu. Foni inanjenjemera m'thumba la juzi. Anapukuta manja pachitenje n'kuwerenga ali chiimire pakati pa madengu, malole a pamsewu wa M1 akudutsa kumbuyo kwake. Atawerenga kawiri anabweza foniyo m'thumba n'kusenza dengu.

"Ndani ameneyo?" anafunsa mayi ake, Naphiri.

"Ndi zasukulu, amayi. Andiitana ku intavyu Lachinayi."

"Ku Ghana komweko? Nanga ya ndege tiitenga kuti?"

"Ayi, ndi yapakompyuta. Iwo adzakhala kwawo, ine kuno, koma tizidzaonana."

Naphiri anatula dengu lake pansi n'kuyamba kululutira mpaka amayi ogulitsa kabichi anatembenuka onse. Alinafe anamwetulira poti anthu ankamuyang'ana. Koma mzere womaliza wa imelo ija sanaunene. Unkapempha kuti atumize chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti, ndipo dzina la pamenepo lifanane ndi la pafomu.

Usiku, azing'ono ake atagona, anayatsa tochi n'kutulutsa kope lake la hadikava. Kopeli analiyamba sabata yomwe zotsatira za MSCE zinatuluka, atamva kuti wapeza mapointi 11. Tsamba lililonse analigawa ndi rula m'mizere isanu: komwe wafunsira malo, tsiku lotsekera, zomwe watumiza, zomwe zatsala, ndi nambala yafoni imene analemba pafomupo. Malisiti ankawabaya ndi pini pakona ya tsamba, chifukwa anaona mnzake wina akulira pabanki atataya kapepala ka ndalama zimene mayi ake anagulitsira mbuzi.

Tsamba loyamba linali la NCHE, bungwe lomwe limalandira mafomu a ofuna malo m'mayunivesite asanu ndi imodzi a boma. Pamenepo paliponse panali pochongedwa: makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, lisiti la kubanki, uinjiniya wa ku MUST ku Thyolo patsogolo, za ulimi wothirira ku LUANAR ku Bunda pambuyo. Chotsala n'kudikira mndandanda basi. Tsamba lachiwiri linali la koleji ina ya anamwino ya mishoni, komwe anafunsirako chifukwa choumirizidwa ndi mayi ake. Fomu imeneyo anailemba asanagule foni, ndiye pamzere wa nambala panali ya amalume ake, a Phiri. Pa yankho panalibe kanthu. Miyezi iwiri inali itadutsa, anzake ena anali ataitanidwa kale, koma sanazitengere kumtima poti unamwino sunali khumbo lake.

Tsamba lachitatu ndi lomwe linali lakuda ndi manja. Ashesi University, Berekuso, Ghana. Nkhani yofotokoza za moyo wake, yachongedwa. Fotokope ya zotsatira yodindidwa chidindo, yachongedwa. Fomu yopempha thandizo la Mastercard Foundation, ija ya mafunso ofuna kudziwa ngakhale denga la nyumba yanu ndi chimene mumaphikira, yachongedwa. Pansi pake analemba mzere watsopano: chiphaso. Anatulutsa chiphasocho m'kachikwama n'kuchigoneka pambali pa fotokope ija.

Pafotokope panalembedwa Elube Phiri. Pachiphaso panalembedwa Alinafe Mbewe.

Nkhani yake inali yakale, yodziwika ndi anthu anayi okha. Mu 2018 Alinafe analemba mayeso a Sitandade 8, anakhoza, koma sanasankhidwe. Chaka chomwecho bambo ake anamwalira. A Phiri, monga mwinimbumba, anabwera kudzakhala pakhonde n'kunena kuti mwana wanzeru chotere asathere kumsika. Iwo ankakhulupirira, monga ankakhulupirira makolo ambiri, kuti mwana wobwereza sasankhidwa ku sekondale yabwino. Ndiye zinangochitika kuti mwana wawo Elube, amene dzina lake linali kale m'kaundula wa Sitandade 8 pasukulu ya kwawoko, anatenga pakati n'kutsatira mwamuna ku Angonia, tsidya la Mozambique. Mpando unali wopanda munthu, dzina lili m'buku. Alinafe anasamukira kwa amalume, anakhala pampandopo, ndipo aphunzitsi akaitana Elube ankayankha kuti ndilipo. Anali ndi zaka 13. Palibe anamufunsa ngati akufuna.

Wina atha kufulumira kuwaweruza a Phiri, ndipo chimene anachitacho n'cholakwika ndithu. Koma ndi iwo omwewo amene kwa zaka zinayi ankakweza matumba a mbatatesi panjinga kuti fizi ya mwana wa mlongo wawo isadukize. Chimene sanaone n'chakuti pepala limakhalitsa kuposa chifukwa chimene linalembedwera. Alinafe atakwanitsa zaka 16, mayi ake anapita naye kukalembetsa chiphaso cha unzika ndi dzina lomwe anabatizidwa nalo, osaganiza n'komwe kuti mapepala awiriwa adzakumana patebulo limodzi.

Lachiwiri masana anapita kunyumba kwa Mayi Nyirenda, omwe anamuphunzitsa fizikisi Folomu 3 ndi 4. Ndiwo anamupezera fomu ya ku Ghana, ndipo laputopu yawo ndi imene inkayenera kugwira ntchito Lachinayi.

"Onetsa kope," anatero asanamupatse n'komwe mpando. Anatsegula tsamba lachitatu n'kuloza ndi cholembera. "Walemba 10 koloko. Ya kuti?"

"Ndi imene alemba mu imelo, madamu."

"Alemba 10 koloko GMT. Ghana ili m'mbuyo mwathu ndi maola awiri. Kuno idzakhala 12 koloko masana. Ukanakhala pakompyuta kuyambira 10, batire n'kutha, bandulo n'kutha, eni ake akubwera iwe wazima. Konza."

Alinafe anafufuta n'kulemba 12.

Anakoka tebulo kuti zenera likhale kutsogolo kwake, chifukwa likakhala kumbuyo nkhope imada, anthu amangoona chithunzithunzi. Anasanjikiza mabuku atatu pansi pa laputopu kuti kamera ifanane ndi maso. Mayi Nyirenda anakhala kuseri kwake, navala magalasi, nasintha mawu kukhala a munthu wachilendo. Mafunso onse anali m'Chingerezi.

"Tiuze za iwe."

Alinafe anayamba kulakatula zimene analoweza: kuti ndi mtsikana wolimbikira, wokonda dziko lake, wofuna kusintha Africa.

"Ima. Mawu amenewo adzawamva kwa ana ambirimbiri sabata yomweyi. Dzulo unali kuti?"

"Kumsika."

"Unaona chiyani?"

"Tomato wotsala. Madengu awiri amayi anagulitsa motaya, lina lija linali litayamba kuchucha madzi."

"Nanga ukufuniranji uinjiniya wa zamagetsi?"

Apa Alinafe anaiwala kuti akuyesedwa. Anafotokoza mmene mavenda a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadikirira dzuwa lipendeke, podziwa kuti mlimi sangabwerere kumudzi ndi tomato wakupsa, kenako n'kutchula mtengo umene akufuna. Anafotokoza kachipinda kozizira koyendera sola kamene anakajambula kumapeto kwa kope la fizikisi, koti amayi khumi azisonkherana n'kusungamo katundu wawo mpaka tsiku lina la msika. Ananenanso pamene masamu ake anakanirira, poti sankadziwa kukula kwa batire yofunika usiku wonse. Chingerezi chinkakhumudwa apo ndi apo, koma maso anali pakamera.

"Basi, zimenezo," anatero Mayi Nyirenda. "Ndipo apo wanena kuti sukudziwa, usadzachotsepo. Anthu a kuyunivesite safuna amene wadziwa kale zonse. Uzilankhula pang'onopang'ono. Funso ukapanda kulimva, upemphe abwereze, si mlandu. Netiweki ikaduka ulowenso, upepese kamodzi, upitirize pomwe unalekezera. Pomaliza adzakufunsa ngati uli ndi funso. Usadzati ayi. Tsopano, ukudziwa chiyani za sukulu yawo?"

Zimenezo anali atawerenga. Anaiyambitsa a Patrick Awuah mu 2002, atasiya ntchito ku Microsoft ku America. Inayamba ndi ophunzira 30 m'nyumba yalendi ku Accra, ndipo mu 2011 inasamukira paphiri la ku Berekuso.

"Watsala chimodzi, ndipo ndi chimene amanyadira. Kuyambira mu 2008 ophunzira a kumeneko anagwirizana okha kuti azilemba mayeso popanda wowalondera. Mphunzitsi amagawa mapepala n'kutuluka. Aliyense amalonjeza kuti sabera, ndiponso kuti akaona wina akubera sakhala chete. Ndiye usadabwe akadzakufunsa chonchi." Anakankha magalasi n'kubwerera ku mawu achilendo aja. "Tiuze za nthawi imene unanena zoona ngakhale unkadziwa kuti zikupweteketsa."

Alinafe anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Anayang'ana kamera, anayang'ana zala zake. Panja mwana wina ankathamangitsa nkhuku.

"Elube? Ndikudikira."

"Madamu," anayankha m'Chichewa, "ine sindine Elube."

Anafotokoza zonse, kuyambira pakhonde paja mpaka mzere womaliza wa imelo. Anatulutsa chiphaso n'kuchiika patebulo. Mayi Nyirenda anachitenga, anachiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuvula magalasi. Sanakalipe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anadzuka kukateleka madzi a tiyi, ndipo anayankhula ali chakumbuyo.

"Si iwe woyamba. M'zaka zanga zophunzitsa ndaona ana angapo oyankha mayina a abale awo. Ambiri zimawathera bwino chifukwa safika poti wina awafunse pasipoti. Iwe nzeru zako ndi zimene zakufikitsa pamenepa."

"Ndinamva kuti pali kalata yolumbira, yodinditsa kwa majisitireti."

"Ilipo. Munthu amalumbira kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi, monga pamene kalaliki analakwitsa chilembo kapena mayi wasintha dzina pokwatiwa. Koma iwe ukalumbira chiyani? Elube Phiri ndi munthu wamoyo, ali ndi mwana wake ku Angonia. Ukalumbira kuti ndiwe iyeyo, ndiye kuti bodza la akuluakulu walisandutsa lako, ndi siginecha yako pansi. Lija unali ndi zaka 13. Lero ndiwe wamkulu."

"Ndiye ndingosiya?"

"Ndani wanena zosiya? Mayeso analemba ndani? Mapointi 11 aja anapeza ndani? Chithunzi cha pakhadi la mayeso n'cha ndani? Mutu ndi wako, dzina lokha ndi la eni ake." Anaika kapu patsogolo pake. "Njira imene ndikuiona ine ndi yaitali. Tilembe zonse mmene zinachitikira, amfumu ndi ahedi achitire umboni, tipite ku MANEB ku Zomba tikafunse chimene chingatheke. Sindikulonjeza kuti zikatheka. Ndipo a ku Ghana uwauze wekha, asanazitulukire okha. Mwina akusiya. Mwina akumvera. Koma pasipoti imatuluka ndi dzina la pachiphaso, ndipo kalata yokulandira ikadzabwera ndi dzina lina, pabwalo la ndege sudzadutsa."

"Amalume akamva kuti ndaulula adzati ndawagulitsa."

"N'chifukwa chake sindikusankhira. Koma mawa upite ukatenge pepala lenileni la zotsatira. Fotokope yokha sitipita nayo patali."

Pepala lenilenilo ankasunga a Phiri m'sutikesi yawo, pamodzi ndi mapepala a munda. Lachitatu m'mawa Alinafe anabwereka njinga n'kupalasa m'chifunga mpaka kwawoko. Anawapeza akusankha mbatatesi zambewu pansi pa mtengo wa pichesi. Anagwada chapatali n'kuwapatsa moni.

"Nambewe! Ndamva, ndamva. Ku Ghana! Mlongo wanga wandiimbira usiku, mawu osamveka ndi chimwemwe."

"Ndabwera kudzatenga pepala lija, amalume. Akulifuna."

A Phiri anatola mbatatesi imodzi n'kuyamba kuichotsa dothi ndi chala. "Lili pabwino. Si uli ndi fotokope?"

"Akufunanso chiphaso. Ndipo chiphaso chili ndi dzina langa."

"Ukawauze kuti chinatayika. Zinthu zimatayika."

"Ndiye pasipoti ndikatenga bwanji?"

"Tikafika pamenepo tidzaona. Kodi mpaka pano ndinakusocheretsapo?"

"Ayi, amalume. Koma ndikuganiza zowauza zoona."

Dzanja lawo linaima. "Zoona zake ziti? Kuti malume ako ndi wakuba? Pamene ndinkakankha njinga pa Mlangeni usiku kuti upeze fizi, zoonazo zinali kuti? Mwana iwe, wakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame."

Alinafe anawerama. Sanafune kuwayankha, ndipo mumtima ankadziwa kuti za njingazo sakunama. Podzutsa mutu anaona chingwe cha kuseri kwa nyumba. Panali matewera atatu ndi kajuzi ka mwana wakhanda. Pakhomopo panalibe mwana wamng'ono kwa zaka zambiri.

"Kwabwera alendo?"

"Anthu odutsa," anayankha a Phiri osatembenuka. "Pita, ukakonzeke. Pepala ndidzakupatsa likafunika."

Anabwerera chimanjamanja. Usiku umenewo analemba imelo yofotokoza zonse, ndime zitatu, n'kuisunga osatumiza. Anaiwerenga kasanu. Chala chinkafika pa batani n'kubwerera. Akaganiza za mayi ake akululutira pakati pa madengu, ankazimitsa foni. Akaganiza za chipinda cha mayeso chopanda mlonda, iye atakhala mmenemo ndi dzina la msuweni wake pamwamba pa pepala, ankaiyatsanso. Tambala woyamba analira asanasankhe.

Lachinayi kunacha ndi chisanu cha mu Juni, chija cholowa mpaka m'mafupa. Magetsi anazima cha m'ma 9. Mayi Nyirenda sanatekeseke. Anali atatchaja laputopu usiku, ndipo batire ya sola inali pansi pa tebulo. Anagula mabandulo pa mizere iwiri yosiyana kuti wina ukafooka alumphire pa unzake. Alinafe anavala bulauzi yoyera ya madamuwo, yaikulu pang'ono m'mapewa, imene anaigwira ndi pini kumbuyo komwe kamera singaone. Pambali pa kamera anamata kapepala ka mawu atatu okha: tomato, batire, funso.

"Watumiza?" anafunsa Mayi Nyirenda.

"Ayi."

"Chiphaso?"

"Ayinso."

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Ine ndikhala panja kuti ana asasokose. Chimene unene, unene ukuyang'ana kamera."

Itatsala mphindi 10 kuti ikwane 12 koloko, Alinafe anatsegula Zoom. Panabwera mawu akuti adikire, mwini msonkhano amulowetsa. M'kabokosi ka pansi pa nkhope yake munalembedwa Elube Phiri, monga analembera pafomu. Anagoneka chiphaso kumanja kwa laputopu, kope kumanzere, manja pakati.

Panja panamveka kulira kwa khanda, kenako mawu a Mayi Nyirenda otsitsa koma olimba. "Ayi, panopa sizitheka. Dikirani ola limodzi."

"Minibasi indisiya, mayi. Mphindi ziwiri zokha. Azakhali andiuza kuti ali kuno."

Mawuwo Alinafe anawadziwa asanaone nkhope. Chitseko chinatseguka. Analowa mayi wowonda, mwana kumsana, nsapato zofiira ndi dothi. Zaka za ku Angonia zinali zitamukalambitsa kuposa msinkhu wake, ndipo pamwamba pa diso lamanzere panali chipsera chimene kale kunalibe. M'manja ananyamula envelopu yakhaki, yomwe ija ya m'sutikesi.

"Nafe."

"Elube! Wabwera liti?"

"Sabata yatha. Ukwati watha, asuweni, ndinathawa usiku ndi mwanayu." Anameza malovu. "A kukoleji ya anamwino anaimba pafoni ya ababa. Akuti Elube Phiri akafike mawa 8 koloko ku intavyu, atenge pepala lenileni ndi chiphaso. Ababa akuti ndipite ine, poti chiphaso changa ndi chimene chikugwirizana ndi pepalali. Akuti iwe uli kale ndi Ghana."

"Koma mayesowo sunalembe ndiwe!"

"Ndikudziwa. Koma ndilowera kuti ndi mwanayu? Dzinali ndinakubwereka zaka zonsezi, sindinakufunsepo kanthu." Anagwada pafupi ndi tebulo, envelopu ili pachifuwa. "Ungondiuza zimene amafunsa, Nafe. Undiphunzitse zoyankha. Ndipo kwa anthu akowo usakatchule za dzinali, ababa andiuza zimene ukuganiza. Ukaulula, tonse tathera pomwepo."

Mayi Nyirenda anali pakhomo, dzanja pakamwa. Laputopu inalira kamodzi. Mawu odikiritsa aja anachoka, ndipo panaoneka anthu awiri, bambo wa magalasi ndi mayi wa tsitsi lalifupi, kumbuyo kwawo kuli zenera lowala. Mayiyo anamwetulira n'kuyang'ana pepala limene linali patsogolo pake.

"Takulandira," anatero m'Chingerezi. "Tikukuona bwinobwino. Tisanayambe, chiphaso chako sitinachilandire. Ngati uli nacho pafupi, tachionetsa pakamera, ndipo utiuze dzina lako lonse."

Elube anagwira mwendo wa Alinafe pansi pa tebulo n'kuufinya. Alinafe anatambasula dzanja lamanja n'kutola chiphaso.

Nkhaniyi ipitirira m'gawo lachisanu.